Pansi pa mlatho wa ku Genoa

Lolemba

Genoa, ku Italy, ndi mzinda wopanikizika. Kumbuyo mapiri, kutsogolo nyanja, ndipo nyumba, njanji, doko ndi misewu zikulimbirana kamtunda kochepa kamene katsala pakatipo. Ndaziona ndekha ndili m'sitima: kungotuluka m'phiri n'kuona madzi, usanawayang'anitsitse walowanso m'phiri lina. Pamalo otere msewu umodzi ukaduka palibe kolambalalira, n'chifukwa chake tsoka la mlatho umodzi linagwera mzinda wonse.

Mlathowo unkadziwika ndi dzina la injiniya amene anaujambula, Riccardo Morandi. Unatsegulidwa mu 1967, wautali kupitirira kilomita imodzi, ukudutsa pamwamba pa mtsinje wa Polcevera, njanji, mafakitale ndi nyumba za anthu. Unali mbali ya msewu waukulu wa A10 wopita ku Savona mpaka kumalire a France, ndipo pachaka pankadutsa magalimoto pafupifupi 25 miliyoni. Pa 14 Ogasiti 2018, nthawi ili 11:36 m'mawa, mvula ikukhuthuka, chipilala chimodzi chinagwa pamodzi ndi msewu wotalika mamita oposa 200. Anthu 43 anafa. Ambiri anali m'magalimoto pamwamba, koma ena anali pansi, ali pantchito yawo pamalo osonkhanitsira zinyalala.

Mlatho wina unamangidwa pomwepo, ndipo ambiri anautamanda chifukwa unatha msanga. Zimenezo ndinaziwerenga kale. Ine ndikufuna kumva kwa anthu amene ankagona pansi pa wakalewo, amene anapuma fumbi pougwetsa, ndi amene mpaka lero magalimoto opatutsidwa aja akudutsabe pakhomo pawo.

Ndafikira kwa mlongo wanga ku Sampierdarena, dera loyandikana ndi doko. Alamu anga amayendetsa thiraki yonyamula makontena. Nditawafotokozera cholinga changa anangoti, “Alamu, mukayamba pamwamba muona zokongola zokhazokha. Yambani pansi.” Ndiwamvera.

Lachiwiri

Takwera sitima yapansi mpaka siteshoni ya Brin, m'dera la Certosa, mlongo wanga ali womasulira. Kuchokera apo tatsika wapansi kulowera ku Via Fillak. Mlatho sufunika kuufunsira, umaonekera patali, wadula chigwa chonse pakati. Ukafika pansi pake khosi limawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Zipilala zake n'zosalala, zowonda poyerekeza ndi katundu amene zasenza, ndipo phokoso la magalimoto limangomveka chapatali.

Pambali pake pali Via Porro, kamsewu kamene kandikhudza kuposa mlatho weniweniwo. Nyumba za m'kamsewuka zinamangidwira mabanja a ogwira ntchito kunjanji, ndipo zinalipo kale pamene mlatho wakale unkabwera. Mlathowo anaudutsitsa pamwamba pa madenga awo, mpaka pena anachita kusema m'mphepete mwa denga kuti chipilala chikwane. Anthu anakhala choncho zaka 51. Ana anabadwira pansi pa mathiraki, nakulira pomwepo.

Pa benchi tinapeza mayi wina wachikulire atatsamira ndodo. Mlongo wanga anawapatsa moni, “Signora, tikhale nawo?” ndipo anatisendera malo. Atamva kuti ndachokera kutali chifukwa cha mlatho, sanadikire kufunsidwa kawiri.

Anati iwo amakhala chakumtunda pang'ono, ndiye sanasamutsidwe, koma anzawo a paubwana ankakhala mu Via Porro. “Mwana wanga, mlatho uja unali wosagona. Usiku kugogoda, kuboola, kukonza. M'mawa umapeza timiyala ta simenti pa galimoto. Tikafunsa ankati akudziwa chimene akuchita. Ifenso tinkafuna kukhulupirira, nanga tikanapita kuti?”

Utagwa, anthu pafupifupi 600 anatulutsidwa m'nyumba zawo tsiku lomwelo chifukwa mbali yotsalayo inali lendelende pamwamba pawo. Deralo linatchingidwa, olowamo kunalibe. Patapita miyezi iwiri ndi pamene analoledwa kukatenga katundu, banja lililonse maola awiri basi, ozimitsa moto ali pambali, makina oyeza kugwedezeka kwa mlatho ali tcheru. Mayiwo anati mnzawo anataya nthawi yambiri atangoima pabalaza, osadziwa choyamba kunyamula. Analandira chipukuta misozi n'kukapeza nyumba kwina, koma anthu amene ankabwerekana makiyi ndi kulerana ana anamwazikana, wina uku wina uko.

Otsala nawonso anaona zakuda. Misewu yolumikiza chigwa cha Polcevera ndi kunyanja, kuphatikizapo Via Fillak, Via Perlasca, Via 30 Giugno ndi Corso Perrone, inatsekedwa, njanji nazonso zinaduka. Munthu wopita kuntchito, kusukulu kapena kuchipatala cha ku Sampierdarena, kumene kale kunali pafupi, ankazungulira m'timisewu ta m'mapiri kapena kupanikizana m'sitima yapansi ya pa Brin, imene inasanduka khomo la chigwa chonse. Amalonda a ku Certosa anataya makasitomala chifukwa odutsa anatha. “Pa wailesi ankanena za doko ndi makontena,” anatero mayiwo. “Za ambulansi yofika mochedwa kwa nkhalamba ngati ine zinkanenedwa ndi ife tokha.”

Mawu amenewa andivutitsa tsiku lonse. Msewu ukaduka, amene amawerengedwa msanga ndi a katundu wambiri, poti kutaya kwawo kumalembeka m'manambala. Wopita kukabayitsa jakisoni, mwana wochedwa m'kalasi, mayi wokankha kangolo ka khanda m'mbali mwa msewu wodzaza, awo amachita kudziyankhulira, ndipo akatopa n'kukhala chete zimaoneka ngati vuto latha.

Tisanabwerere tinakhala kanthawi pa Radura della Memoria, bwalo lozungulira lokhala ndi mitengo 43, umodzi wa munthu aliyense amene anafa. Analitsegula mu Ogasiti 2020. Ana amasewera chapafupi, akuluakulu amapumirapo. Ndinaona kuti n'chinthu chabwino kuti malo amene kale ankaopedwa pano anthu akuwagwiritsa ntchito.

Lachitatu

Lero alamu anga anali pa tchuthi, ndiye anditenga pa galimoto yawo yaing'ono kuti tikawoloke. Mlatho watsopanowu dzina lake ndi Genova San Giorgio. Anaujambula ndi Renzo Piano, katswiri wojambula nyumba wobadwira mumzinda womwewu, ndipo pulaniyo anaipereka ngati mphatso. Ndi wautali mamita 1,067, uli pa zipilala 18, ndipo kunsi kwake anakuumba mooneka ngati mimba ya chombo, ulemu kwa mzinda wa amalinyero. Chigawo chomaliza anachikweza pa 28 Epulo 2020, dziko la Italy lili pa m'bindikiro wa Covid. Mu Julaye anauyesa poimikapo mathiraki 56 odzaza katundu, ndipo pa 3 Ogasiti Pulezidenti Sergio Mattarella anabwera pa mwambo woutsegulira. Kuchokera tsiku la ngozi zinali zisanakwane zaka ziwiri.

Kuwoloka kwenikweniko n'kwa kanthawi kochepa. Utuluka m'phiri, uona magalasi otchinga mphepo m'mbali, chigwa pansi, basi walowa m'phiri lina. Liwiro ndi lochepetsedwa, makilomita 80 pa ola mbali ina ndi 70 mbali inayo, chifukwa cha kukhota kwa msewu kumapeto. Alamu anga anandionetsa chinthu chimene ine sindikanachilabadira: kanjira kapambali koimapo galimoto ikawonongeka. Wakale unalibe. “Thiraki ikafera pakati paja, alamu, mzinda wonse unkaima. Ndipo umaima uli pamwamba, ukumva mlatho ukunjenjemera pansi pa mpando.”

Titaima pamalo opumira anandijambulira papepala mmene wakale unamangidwira. Msewu unkakolekedwa ku zipilala zitatu zazitali (nambala 9, 10 ndi 11) ndi zingwe zachitsulo, koma Morandi anazikuta zingwezo ndi konkire poganiza kuti azitchinjiriza ku dzimbiri. Konkireyo itayamba ming'alu, chinyezi cha mchere wa m'nyanja ndi utsi wa mafakitale zinalowa, ndipo chitsulo chinayamba kudyeka m'kati momwe diso silifika, monga mtanda wa denga umene wafumbwa m'kati kunja ukuoneka wabwinobwino. Zingwezo zinalinso zochepa, moti chimodzi chikaduka panalibe china cholandira katundu.

Chowawa n'chakuti zimenezi sizinali zobisika. Morandi mwiniwake analemba mu 1979 kuchenjeza za dzimbiri pa mlathowu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zingwe za chipilala 11 zinalimbitsidwa ndi zina zakunja, koma za chipilala 9, chimene chinagwacho, sizinachitiridwe zomwezo. Mu 2016 Antonio Brencich, mphunzitsi wa zomangamanga pa yunivesite ya Genoa, ananena poyera kuti mlathowo unali wolephereka ndipo ukufunika kulowedwa m'malo. Mu 2017 akatswiri a yunivesite ya Politecnico di Milano anapeza zokayikitsa pa zingwe za chipilala 9. Ntchito yolimbitsa inali itakonzedwa kuti iyambe kumapeto kwa 2018. Mlatho sunadikire, ndipo magalimoto anali asanachepetsedwe. Akatswiri osankhidwa ndi khoti anadzanena mu Disembala 2020 kuti chinayambitsa kugwa ndi dzimbiri pamwamba pa chingwe chimodzi cha chipilalacho, ndiponso kuti kuyendera ndi kukonza sizinali zokwanira.

N'chifukwa chake pa watsopanowu chimene chandisangalatsa kwambiri si maonekedwe. M'kati mwake anthu amatha kulowa n'kuyendera. Muli makina ochotsa chinyezi kuti chitsulo chisachite dzimbiri, tizipangizo toyeza kugwedezeka usana ndi usiku, ndi makina odziyendera okha m'mbali, ena ojambula kunsi kwa mlatho, ena otsuka magalasi ndi masola. Piano ananena kuti akufuna mlathowu ukhale zaka 1,000. Ndikulakalaka zitatero, koma zipangizo zonsezo zimangopereka uthenga. Pamafunikabe munthu wolimba mtima woti akauwerenga atseke msewu, ngakhale adziwe kuti mzinda wonse umukwiyira.

Lachinayi

“Amalume, gwirani dzanja langa, apa sitithamanga.” Anatero mwana wa mlongo wanga m'mawa uno ndikumuperekeza kusukulu. Mwanayu amadziwa powolokera pamene madalaivala amaima ndi pamene saima, amadziwanso kuti thiraki ikamakhota mawilo akumbuyo amadula ngodya. Ndinanyadira nzeru zakezo, komanso zinandimvetsa chisoni kuti mwana wa pulayimale wafika podziwa zotere.

Mlatho utagwa, magalimoto onse aja anayenera kupeza podutsa, ndipo anatsikira m'misewu ya m'mphepete mwa nyanja, ku Cornigliano ndi kuno ku Sampierdarena. Akuluakulu a mzinda anachita changu. Mu Seputembala 2018 anatsegula Via della Superba, msewu wodutsa m'kati mwa doko ndi malo a fakitale ya zitsulo, kuti mathiraki achoke pakati pa anthu. Msewu wa Lungomare Canepa unakuzidwa kufika mizere isanu ndi umodzi. Panthawiyo zinathandiza, palibe angakane. Koma mlatho watsopano utatsegulidwa, msewu wotakata uja sunabwerere mwakale, ndipo madalaivala anali atauzolowera.

Ndapita kukauona masana. Nyumba zili pafupi kwambiri ndi msewu, mawindo ambiri otseka ngakhale kukutentha, mashatala akuda ndi mwaye. Eni nyumbazo anapanga komiti yawo ndipo akhala akupempha kwa zaka kuti msewuwo utchingidwe kapena uvindikiridwe, phokoso ndi utsi zichepe. Bambo wina amene tinacheza naye pakhomo pake anati, “Ife tinalandira magalimoto a mlatho ngati alendo a pamaliro. Maliro anatha, alendo sanachoke.” Ndinawafunsa ngati akufuna msewuwo utsekedwe. Anakana. Anati mwana wawo amadya za kudoko, ndipo mathiraki akaima iyenso waima. Chimene akufuna n'kugona tulo usiku, ndi kuti amene amajambula misewu azibwera kudzaima pakhomopo ola limodzi asanajambule.

Izi n'zimene anthu okonza mapulani amaziphonya kawirikawiri. Anthu odandaula za msewu sadana ndi msewu. Amafuna powolokera pokhala pamene anthu amawolokeradi, osati patali pamene palibe apite. Amafuna liwiro lotsika pafupi ndi sukulu, kanjira ka oyenda pansi kosathera panjira, ndi kuuzidwa nthawi ilipo kuti msewu wakuti utsekedwa mpaka liti.

Pa nkhani ya liwiro manambala ali kumbali yawo. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndipo ngozi zapamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ku Italy kokha mu 2023 anafa anthu 3,039. Gawani nambalayi ndi 43, mupeza kuti ndi ngati mlatho wa Morandi ukugwa maulendo oposa 70 pachaka, koma mmodzimmodzi, pamphambano, popanda Pulezidenti kubwera. Mzinda wa Bologna unatsitsa liwiro kufika makilomita 30 pa ola m'misewu yambiri mu Januwale 2024, ndipo mkangano wake unali waukulu. Ine ndili kumbali ya 30. Galimoto yoyenda 30 imaima pafupi, ndipo ikamugunda munthu nthawi zambiri amadzuka. Ya 50 ikamugunda, chiopsezo cha imfa chimakwera kwambiri.

Genoa ndi mzinda wa njinga zamoto zing'onozing'ono. Pa maloboti zimadzaza kutsogolo, zikalowa pakati pa basi ndi thiraki mtima umachita kuti myuu. Alamu anga amati chimene amaopa kwambiri pantchito yawo si phiri kapena mvula, koma wanjinga amene wabisala pambali pa thiraki pamene galasi silionetsa.

Lachisanu

Kwagwa mvula, koma itakata pang'ono ndakwera phiri la Coronata kukaona chigwa chonse kuchokera pamwamba. Ukaima apo umamvetsa chifukwa chake kugwetsa zotsala za mlatho wakale kunali kovuta kuposa kumanga watsopano: nyumba, njanji ndi mtsinje zonse zili mothithikana pansi pake.

Anayamba kuugwetsa mu Febuluwale 2019, kudula zigawo n'kuzitsitsa pang'onopang'ono. Chipilala 8 chinali choti chiphulitsidwe, koma mutapezeka timbali ta asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo, m'konkire, ndipo anthu okhala pafupi atadandaula za mapapo awo, anasintha n'kuchiphwasula ndi makina. Zipilala zazikulu 10 ndi 11 anaziphulitsa pa 28 Juni 2019. Anthu oposa 3,000 anachotsedwa m'nyumba tsikulo, ndipo anakonzeratu madzi ochuluka oti athovoke pamodzi ndi zophulitsirazo kuti fumbi lisauluke. Zonse zinatha m'masekondi ochepa. Apa mawu a anthu anamveka ndipo ntchito sinaonongeke nazo. Inangochitika mosamala.

Pobwerera basi inachedwa pamalo amene akukonza msewu. Alamu anga akuti chigawo chonse cha Liguria, kumene kuli Genoa, chakhala chotere chigwere mlatho: denga la msewu woboola phiri pa A26 linagumuka mu Disembala 2019, patangotha mwezi mlatho wina utakokoloka ndi dothi pa A6 pafupi ndi Savona, ndipo kuyambira pamenepo kuyendera ndi kukonza kumene kunazengerezedwa zaka zambiri kunabwera nthawi imodzi. Mizere ya magalimoto imatopetsa, koma iwo akuti bola kuchedwa.

Loweruka

Usiku wathawu tinatsutsana ndi alamu anga mpaka mlongo wanga anatiletsa. Iwo amayamikira mmene mlatho unamangidwira: boma linapatsa mphamvu zapadera mfumu ya mzinda ya nthawiyo, Marco Bucci, njira zambiri za m'maofesi zinadumphidwa, ntchito inkachitika usana ndi usiku. Anati anthu akamafunsidwa chilichonse palibe chimamangidwa, ndipo anandipatsa chitsanzo chovuta kuchiyankha. Kwa zaka zambiri kwakhala pulani ya msewu wolambalala mzinda wotchedwa Gronda, umene ukanachepetsa katundu pa mlatho wakale. Makomiti a anthu okhala m'madera amene ukanadutsa anaukana, ndipo mu 2013 ena mwa iwo analemba kuti zoti mlatho wa Morandi ungagwe ndi nthano chabe.

“Ndiye anthu anuwo, alamu,” anatero.

N'zoona, analakwitsa kwambiri. Koma ndinawakumbutsa kuti anthuwo ankabwereza zimene anatsimikiziridwa ndi oyang'anira msewu, kuti mlathowo ungathe kukhala zaka zina zambiri. Munthu wamba sangaone dzimbiri m'kati mwa konkire, ndipo malipoti a akatswiri sankapachikidwa pa siteshoni ya Brin kuti aliyense awerenge. Akanauzidwa zoona, mkangano wa Gronda ukanayenda mwina. Zimene anthu amadziwa bwino kuposa injiniya ndi zina: pamene ana amawolokera, ola limene mathiraki amachuluka, timiyala togwa usiku. Injiniya awauze zimene zili m'kati mwa chitsulo osabisa, iwo amuuze zimene zili pansi pa mlatho, ndipo zonsezi zichitike mlatho udakali chiimire. Alamu anga sanavomere zonse, koma anati zoti malipoti aziikidwa poyera akugwirizana nazo.

Mabanja a omwalira sanapite ku mwambo wotsegulira mlatho watsopano. Anakumana ndi Pulezidenti paokha, ndipo anakana kuti tsikulo likhale chisangalalo. Mlandu unayamba mu Julaye 2022, oimbidwa 59, ena akuluakulu akale a kampani ya Autostrade per l'Italia imene inkayang'anira msewuwo, ena a ku unduna. Chaka chomwecho kampaniyo inachoka m'manja mwa kampani ya Atlantia ya banja la Benetton n'kupita ku gulu lotsogozedwa ndi Cassa Depositi e Prestiti, bungwe la boma. Chaka chilichonse pa 14 Ogasiti mabanjawo amasonkhana pansi pa mlatho, ndipo 11:36 ikakwana mabelu a matchalitchi ndi malipenga a zombo za padoko amalira.

M'mawa uno mlongo wanga anandidzutsa molawirira. Makolo a pasukulu ya mwana wake akulemba kalata yopita ku khonsolo kupempha hampu ndi nyali pa powolokera paja, ndipo anauzidwa kuti kudandaula pakamwa sikukwanira, apereke manambala. Ndiye agawana maola, aliyense kuima pangodya ndi kope n'kumalemba thiraki iliyonse yodutsa ndi galimoto iliyonse yosaima munthu ali pamizere. Loweruka analibe wokaimapo.

“Achimwene, inu sitima yanu ndi yamadzulo. Tengani cholembera.”

Ndaimapo mpaka dzuwa litakwera. Tsamba la osaima linadzaza msanga kuposa la mathiraki, ndipo ambiri anali magalimoto aang'ono ndi njinga zamoto, zimene alamu anga anakondwa kumva. Kope ndalisiya kwa bambo amene anabwera kudzandilandira, kalata ikupita Lolemba.